Mmene Mulungu anasungira banja lathu m'chaka cha kolera, chilala ndi mdima

Ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Katete, koma chikwatiwire ndakhala ku Mandevu kuno ku Lusaka. Amuna anga ndi owotcherera zitsulo. Amapanga mageti, zitseko ndi mafelemu a mawindo ku Garden, m'mbali mwa msewu wa Katima Mulilo, paja mumaona mageti atatsamiritsidwa mumzere kudikira ogula. Ine ndinali ndi firiji yaikulu pakhonde, ndinkagulitsa nkhuku zoduladula, masoseji ndi maaisi a ana asukulu. Olemera ayi sitinali, koma lendi inkalipidwa pa nthawi yake, ndipo thumba la unga likamatha lina linkakhala litalowa kale.

Ndikufuna ndikuuzeni za chaka cha 2024, chifukwa alipo mabanja ambiri amene lero ali pamene ife tinali, ndipo ena afika poganiza kuti Mulungu anawataya. Ife sanatitaye. Koma mmene anatisungira n'zosiyana ndi maumboni amene timamva kawirikawiri, aja akuti munthu wagona wosauka n'kudzuka ndi galimoto pakhomo. Thandizo lathu lonse linadzera m'manja mwa anthu, linkabwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri linkafika titatsegula pakamwa n'kunena vuto lathu.

Chakacho chinayamba ndi kolera. Matendawa anabuka mu Okutobala 2023, koma mvula itasefukira m'makomboni n'kusakaniza za m'zimbudzi ndi madzi a m'zitsime zosaya, odwala anachuluka mwadzidzidzi. Boma linasandutsa bwalo la Heroes Stadium kukhala malo ochizirako kolera, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale zinadikira mpaka pa 12 Febuluwale. Usiku wina mu Januwale momwemo mzime wathu, wa zaka zisanu ndi chimodzi panthawiyo, anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Zotulukazo zinali madzi okhaokha, oyererako ngati otsukira mpunga. Posakhalitsa maso analowa m'kati, ndipo nditamutsina khungu la pamimba silinabwerere msanga.

Ndinathamangira kwa mayi wina wa mumpingo mwathu amene amathandiza azaumoyo kuyenda khomo ndi khomo. Anatuluka atangomanga chitenje, m'manja muli botolo. Timapaketi ta ORS, mankhwala osungunula obwezera madzi m'thupi, tinali titamuthera, ndiye anapanga yekha ine ndikuona: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osalundika, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Amuna anga anali atagwada pafupi ndi mphasa akupemphera. Mayiyo anawagwira paphewa nati, “Bambo, nyamukani. Muzipemphera tili m'njira.” Mnyamata wina woyendetsa minibasi pamzere wathu anadzutsidwa ndipo sanafunse za mafuta. Njira yonse mayi uja ankamumwetsa mwanayo pang'onopang'ono, akasanza n'kudikira kamphindi n'kuyambiranso. Ku kiliniki anamuika diripi, kenako anamutumiza ku Heroes. Sitinalipire kanthu. Muyeso wa madzi, shuga ndi mchere uja muusunge pamtima, ndipo mwana akayamba kutsegula m'mimba mwa mtundu umenewu musadikire kuti kuche. Kolera amapha pomaliza madzi m'thupi, ndipo atha kutero m'maola ochepa.

Mwana wathu anachira. Koma sabata yomweyo bambo wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, mmisiri womanga nyumba, anadwala matenda omwewo ndipo sanabwerere. Maliro ake sitinagone monga mwa mwambo, chifukwa pa nthawi ya mliri anthu sankaloledwa kusonkhana. Anaikidwa mofulumira, abale ochepa chabe alipo. Anasiya mkazi ndi ana awiri. Mayi ameneyu ndi wopemphera kuposa ambiri a ife, m'bandakucha uliwonse mawu ake amamveka kudzera pawindo. Ndiye ine ndikamati Mulungu anasamalira banja langa, ndimanena mawuwo ndikuyang'ana khomo lake. Kodi lakelo sanalisamalire? Inu amene mumaimirira kupereka umboni m'tchalitchi, funso limeneli muzilikumbukira, pakuti pa benchi yomweyo pamakhala wina amene anapempha zimene munapempha inuzo koma iye anakaika maliro. Anthu oposa 700 anamwalira ndi mliri umenewo m'dziko muno, ambiri a iwo kuno ku Lusaka, ndipo sikuti onsewo anali osapemphera. Chifukwa chimene mwana wanga anatsalira bambo uja n'kupita chili m'manja mwa Mulungu mwini. Chimene chinaikidwa m'manja mwanga ndi khomo loyang'anana nalo lija. Salimo 68 limatchula Mulungu kuti ndi Atate wa ana amasiye ndi woweruzira akazi amasiye, ndipo m'miyezi yotsatirayo ndinaona ndi maso anga kuti ntchito imeneyo amaigwira kudzera mwa aneba.

Tisanapume n'komwe, mvula inadula. Kumudzi chimanga chinali chitayamba kumasula ngayaye, dzuwa n'kuchiwotcha chili chiimire. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga anawonongeka. Munthu wa m'tauni chilala chimamupeza pawiri. Thumba la chimanga ndi nsawa limene amayi ankatikwezera pa basi chaka chilichonse akakolola silinabwere, m'malo mwake kunkabwera mafoni opempha. Komanso madzi a ku Kariba, kumene kumachokera gawo lalikulu la magetsi athu, anatsika kwambiri. Mu Malichi magetsi anayamba kuzima maola 8 patsiku, pofika Sepitembala anali kuzima mpaka maola 21, ndipo masiku ena sitinkawaona n'komwe.

Makina owotcherera popanda magetsi ndi chitsulo chabe. Amuna anga anayamba kugona ku Garden pa katoni, kudikira kuti mwina pakati pa usiku magetsi abwera. Akabwera, onse a pamzerepo ankadzuka nthawi imodzi, moto wa zowotcherera n'kuwala msewu wonse, koma geti lisanafike ndi theka lomwe mdima n'kubwereranso. Anthu amene anapereka ndalama zoyambira ntchito anatopa kudikira, ena anabwera kudzazitenga. Kwa ine, nkhuku zonse za m'firiji zinasungunuka. Zina tinadya, zina tinagawira aneba zisanawonongeke, mpamba wonse n'kuthera pomwepo. Thumba la unga la makilogalamu 25 linali litadutsa K300. Tinasiya kugula thumba, tinayamba kugula pamela, kapaketi kakang'ono ka unga, pakantemba, wa tsiku limenelo basi.

Pakati pa zimenezi akulu anga anaimba foni kuchokera ku Katete. Nkhokwe inali mbee. Ankapempha kuti titengeko ana awo awiri, mnyamata amene anali atangomaliza Giredi 12 ndi mtsikana wa Giredi 6. Ndinauza amuna anga usiku ana atagona. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, “Amayi, auzeni alamu awakweze basi. Chibale ndi fupa. Pamene tikudya asanu, asanu ndi awiri sangalephere.” Anawo tinakawalandira ku siteshoni ya mabasi ya Intercity ali ndi kachikwama kamodzi ndi nkhuku yamoyo, yomaliza ya pakhomo pa akulu anga.

Chimene chinkandiopsa koposa njala chinali kukhala chete kwa amuna anga. Munthu amene ankalowa m'nyumba akuimba anayamba kukhala panja pa njerwa mpaka usiku, akuyang'ana pansi. Nsima ikabwera ankatema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, akuti akhuta, chonsecho akusiyira ana. Amayi anzanga, mwamuna akafika pamenepa samalani lilime. Amadziwa kale kuti m'nyumba mulibe kanthu, ndipo kumukumbutsa tsiku ndi tsiku n'kumukankhira ku kachasu kumene anzake ambiri anathera chaka chimenecho. Ine ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu n'kumupempha kuti abambo azibwera kudzacheza nawo. Ankabwera madzulo awiri kapena atatu, osalalikira, kungokhala nawo panja n'kumakamba za mpira, za mvula, pomaliza n'kupemphera mwachidule. Mmodzi wa iwo ndi amene anadzatsegula njira, monga ndifotokozere.

Njala ikalowa pakhomo, pamabwera alendo awiri amene amaoneka ngati thandizo. Woyamba ndi wa kaloba. Mayi wina anandipeza pampopi n'kundinong'oneza kuti atha kundipatsa K1,000 tsiku lomwelo, mwezi ukatha ndibweze K1,500, chikole chikhale makina a amuna anga. Ndinali nditaona kale mabedi ndi mawailesi a anthu akutulutsidwa m'nyumba pamzere wathu womwewo. Miyambo 22:7 imanena kuti wotenga ngongole amakhala kapolo wa womukongoza, ndipo kaloba ndi ukapolo umene umakula mwezi uliwonse. Ndinamuthokoza n'kukana. Wachiwiri ndi mneneri wa mbewu. Anamanga tenti pabwalo lina n'kumauza anthu kuti umphawi wawo ndi temberero la kumudzi, ndipo wofuna kumasulidwa abzale mbewu ya ndalama, agulenso botolo la mafuta. Ndinaona amayi akupereka ndalama ya unga wa ana. Pa nkhani iyi sindinyengerera: Mulungu amene amadyetsa mbalame za m'mlengalenga, monga Ambuye Yesu ananenera pa Mateyu 6, sagulitsa chisamaliro chake, ndipo munthu amene amatenga pamela wa ana amasiye m'dzina lake adzayankha. Chopereka ndi chachikhumi n'zabwino, ifenso sitinasiye kupereka kangachepe kamene tinali nako, koma timapereka pothokoza, osati pogula.

Zinthu zinayamba kutembenuka pa msonkhano wa amayi a Chigwirizano. Amayi abusa anawerenga 2 Mafumu 4, nkhani ya mkazi wamasiye amene wokongoza ankabwera kudzamulanda ana ake awiri kuti akhale akapolo. Nkhaniyi ndinkaidziwa kuyambira ku Sande Sukulu, koma tsiku limenelo anatiyendetsa nayo pang'onopang'ono. Mayiyo anafuulira Elisa, sanabise. Elisa anamufunsa chimene anali nacho m'nyumba, iye n'kuyankha kuti palibe, koma kansupa ka mafuta. Kenako anamutuma kukabwereka zotengera kwa anansi ake onse, zambiri ndithu. “Taganizani,” anatero amayi abusa, “mudzi wonse unadziwa kuti kwa uje zavuta. Akanachita manyazi n'kubwereka ziwiri zokha, mafutanso akanalekera pa ziwiri.” Ndipo mafuta atachuluka sanauzidwe kuti akhale pansi. Anauzidwa kuti akagulitse, abweze ngongole, zotsalazo adye ndi ana ake. Pemphero, chimene uli nacho kale, aneba, malonda, kubweza ngongole, zonse zili m'mavesi asanu ndi awiri.

Atatha kulankhula ndinaimirira n'kunena poyera kuti kwathu tikudya kamodzi patsiku, lendi yatsalira, ndipo mpamba wanga unatha. Mawu ankanjenjemera. Nditakhala pansi, mayi wina amene nthawi zonse amabwera atavala bwino anaimiriranso n'kunena kuti kwawonso n'chimodzimodzi. Kenako wina, kenako wina. Tinapezeka kuti ambiri tinkabwera ku tchalitchi titachapa yunifolomu bwinobwino, tikumwetulirana, aliyense akuganiza kuti ndi yekha. Tsiku lomwelo tinapangana kuti Lamulungu lililonse mayi aliyense azibweretsa kapu imodzi ya unga, ngakhale wosauka chotani, n'kuthira mu ndowa imene tinaika kuseri kwa chitseko cha tchalitchi. Ndowayo inkapita ku banja limene lavutikitsitsa sabata imeneyo. Inafika kwathu, inafikanso kwa mayi wamasiye uja. Kapu imodzi sioneka kanthu, koma za amayi makumi angapo zimadyetsa banja masiku ndithu.

M'chilimba chathu, gulu losonkha ndalama n'kumalandira mosinthana, tinalimo amayi khumi, aliyense akupereka K50 pa sabata. Nthawi yanga yolandira inali kutali, koma mayi amene inali nthawi yake anati, “Amake mwana, tengani inu. Ine ndidikira.” Ndi K500 imeneyo ndinadzuka m'bandakucha kupita ku Soweto Market, nthawi imene magalimoto a alimi amatsitsa katundu, mitengo isanakwere. Ndinagula zokhazo zosafuna firiji: kapenta wa ku Siavonga, nyemba za kabulangeti, anyezi ndi tomato pang'ono. Masiku oyamba nyemba sizinkayenda. Nditafunsa, amayi ankati malasha akwera mtengo, nyemba zimadya moto, bola kugula mazira. Apa mpamene nzeru inabwera. Ndinayamba kuviika nyemba usiku wonse, m'mawa n'kuphika mphika umodzi waukulu pa mbaula imodzi, n'kumagulitsa zophikaphika pa kapu. Munthu amangofika ndi kambale kake, kunyumba n'kukazingira tomato, ndiwo zapsa. Pofika masana mphika unkakhala utayera. Phindu lake linali laling'ono, koma linkakwana pamela wa madzulo ndi kubwezera chilimba. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti nzeru imeneyo anandipatsa ndi Mulungu, ndipo anandipatsira pakamwa pa amayi amene ankakana kugula.

Kwa amuna anga njira inatsegukira mwa mmodzi wa abambo ankabwera madzulo aja, mkulu wa imvi amene moyo wake wonse wakhala akusula mbaula, zidebe ndi mapoto. Tsiku lina anati, “Mwana wanga, Lusaka yense akuphikira pa malasha tsopano. Ngakhale a kumayadi akufuna mbaula. Ine manja atopa, maoda akundichulukira. Bwera mawa ndi hamala.” Amuna anga amadziwa chitsulo, koma ankachidziwa ndi moto wa magetsi. Mkuluyo anawaphunzitsa kuchigwira chozizira: kung'amba mgolo wakale ndi tchizulo, kuwongola chitsulocho pa chidutswa cha njanji, kuchipinda mozungulira, kuboola mabowo a mpweya ndi panchi, kulumikiza ndi misomali yoduladula n'kuikhoma mitu mpaka igwire. Masabata oyamba ankabwera zala zili mabala okhaokha, ndinkawathira madzi amchere usiku. Koma anayambanso kulankhula. Tsiku limene anabwera ndi thumba la unga la makilogalamu 10 paphewa, logula ndi ndalama ya mbaula, ana anathamanga kukawachingamira kumsewu, ndipo iwo analitula pakati pa nyumba n'kutiuza tonse kuti tigwade.

Pano pali chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Mdima umene unapha ntchito yawo ndi womwewo unabweretsa msika wa mbaula, ndipo mbaula iliyonse imadya mitengo. Ndikaona malole ndi njinga zodzaza matumba a malasha zikulowa mumzinda ndimaganiza za nkhalango zimene zikutha, ndi za ana athu amene adzalime m'dziko louma. Tinadyera pamenepo chifukwa panalibe pena, koma sindinganene kuti zonse zinali bwino. N'chifukwa chake ine ndi mayi wamasiye uja tinagwirizana zophikira pamodzi. Mbaula imodzi, mphika umodzi wa nsima, mabanja awiri. Malasha ankatha theka la amene tikanawononga aliyense payekha, ndipo ana ake sankafunikanso kuima pakhomo kudikira kuti aitanidwe, chifukwa mphikawo unali wawonso. Iye ankandikhalira pa malonda ndikapita ku Soweto. Ndipo musaganize kuti ife tokha ndi amene tinkapereka. Mchimwene wake atamutumizira thumba la chinangwa chouma, analigawa pakati osafunsa, ndipo ufa wake tinkasakaniza ndi unga kwa mwezi wathunthu. Kupatsa n'kuika, akuluakulu sananame.

Za lendi tinapita awiri kwa eni nyumba mwezi usanathe, tisanafunsidwe. Bambo ameneyu si wa mpingo wathu, ndipo sitinamuonepo akupita ku tchalitchi china chilichonse. Tinamuuza zoona zokhazokha, kuti ndalama yonse palibe, ilipo ndi iyi. Anatiyang'ana n'kunena kuti anthu ambiri amamuthawa, amazimitsa foni, ndiye iye amakwiya. Anavomera kuti tizilipira pang'onopang'ono, ndipo gawo lina amuna anga analipira pomukonzera geti ndi zitsulo za m'mawindo usiku umene magetsi anabwera. Mulungu sasankha a yunifolomu okha kuti awatume.

Palinso thandizo lina limene Akhristu ena amalinyoza, akuti kupita ku maofesi ndi kuchepa chikhulupiriro. Ine sindigwirizana nazo. Pa Levitiko 19 Mulungu analamula eni minda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyireko osauka ndi alendo. Analiika m'malamulo a dziko. Ndipo Rute, kuti iye ndi apongozi ake adye, anachita kudzuka n'kupita kukakunkha m'munda wa Boazi. Tirigu sanamutsatire kunyumba. Ifenso tinakunkha. Kuyambira Januwale 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere mpaka Giredi 12, ndiye mtsikana wa akulu anga tinamupezera malo ndi kalata yochokera ku sukulu yake yakale, ife n'kungovutika ndi yunifolomu ndi makope. Amuna anga asanayambe ntchito yawoyawo anagwirapo pa kampani zaka zoposa zisanu akudulidwa ya NAPSA, bungwe losunga ndalama za penshoni. Lamulo la 2023 linalola munthu amene wapereka miyezi 60, kapena wakwanitsa zaka 45, kutengako 20 peresenti ya ndalama zake kamodzi asanapume pa ntchito. Tinakhala pansi n'kulingalira bwino, chifukwa ndi ndalama ya ukalamba ndipo ukatenga sutenganso, koma pomaliza tinatenga n'kumalizira lendi yotsalira. Mnyamata wa akulu anga uja tinamulembetsa ku thandizo la CDF, thumba la chitukuko limene mu 2024 linali K30.6 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi yolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Pamafunika kuleza mtima, kusunga mafotokope a mapepala onse ndi kubwererako kukafunsa. Dzina lake linatuluka, ndipo mu 2025 anayamba kuphunzira za magetsi ndi zoika masola.

Ana sitinawabisire. Tinawauza kuti chaka chavuta, nyama sizioneka, nsapato zatsopano zidikira, koma palibe amene achotsedwe pakhomo. Madzulo alionse, poti wailesi yakanema inali itazima, tinkakhala pamphasa ndi kandulo imodzi n'kufunsana kuti lero chakudya chadzera kwa yani. Wina ankati kwa agogo a mbaula, wina kwa amayi a ndowa, wina kwa ogula nyemba. Tikatero tinkawapempherera anthuwo mmodzimmodzi, n'kumaliza ndi Pemphero la Ambuye. Mawu akuti “mutipatse ife lero chakudya chathu chalero” ndinawanena kuyambira ndili mwana, koma chaka chimenecho ndinkawanena ndikudziwa kuti m'nyumba mulibedi cha mawa. Aisraele m'chipululu ankatola mana a tsiku limodzi, wosunga ambiri ankawapeza atachita mphutsi. Ndimafuna ana anga akule akudziwa kuti Mulungu anawadyetsa, komanso akudziwa nkhope za anthu amene anawatuma, kuti tsiku lina nawonso akadzatumidwa asadzakane.

Si zonse zimene zinabwerera. Firiji ija ndinaigulitsa motchipa pamene mwana wathu wachisamba anafunika ndalama zokonzekera mayeso, ndipo mpaka lero sindinagule ina. Masiku odya kamodzi analipo ambiri, ena mwa iwo nsima yake ya mchere ndi masamba a maungu opanda mafuta. Amuna anga anaonda mpaka lamba anabooledwa kawiri. Mayi woyang'anana nafe akadali wamasiye, ndipo mwana wake wamng'ono amafunsabe za atate ake. Wina akakuuzani kuti mukakhulupirira bwino simudzataya kanthu, mufunseni za Yobu, za Naomi, ndi za Paulo amene analembera Afilipi kuti anadziwa kukhuta ndiponso kumva njala.

Mvula ya kumapeto kwa 2024 ndi kumayambiriro kwa 2025 inagwa bwino, ndipo kumudzi anakolola. Akulu anga anabwera okha pa basi kudzatenga mtsikana wawo, atanyamula chimanga, nsawa ndi maungu, zina za ife, zina za mayi wamasiye amene anali asanamuonepo koma ankamva za iye pa foni. Mnyamata akadali nafe mpaka amalize maphunziro. Amuna anga anabwerera ku mageti, koma mbaula sanasiye, amasula masiku amene magetsi kulibe. Mayi uja tsopano ali ndi tebulo lakelake la tomato ndi kapenta pafupi ndi langa, mpamba wake unachokera m'chilimba chomwe chija.

Ndowa ya unga sitinaichotse kuseri kwa chitseko. Mwezi uno ikupita ku banja lina limene bambo wake anachotsedwa ntchito ya ulonda, mayi ali ndi pakati. Sananene okha, anadziwika chifukwa ana awo anasiya kubwera ku Sande Sukulu, ndiye amayi awiri anapita kukawaona. Mwana wawo wamkulu, wa zaka 19, amuna anga amutenga. Anayamba Lolemba lapitali kuphunzira kung'amba migolo, ndipo mkulu wa imvi uja wamubwereka hamala yake.